Kadenti ka pa phiko: chifukwa chake woyendetsa ndege anakana kukunyamulani

Funso lachokera kwa mayi wina, namwino wa ku Lilongwe:

"Mu Julaye ndinali ku Likoma pa ntchito. Tsiku lobwerera, pikapu yobweretsa katundu ikubwerera chammbuyo inagunda phiko la ndege yathu chakunsonga. Inali Cessna ya mipando 6. Panangotsala kadenti kosaposa dzira la nkhuku, ndipo pulasitiki ya kunsonga inang'ambika pang'ono. Woyendetsa anaizungulira, anajambula, anaimba foni nthawi yaitali, kenako anati sitinyamuka. Koma ine ndi maso angawa ndinaona timadenti tina takale kumchira, ndipo ndege yomweyo inatibweretsa bwinobwino ili nato. Tinagonera masiku awiri, mnzathu wina mpaka anakwera boti panyanja pali mwera. Injiniya atabwera, ndege ija inanyamuka yopanda anthu, ife inadzatitenga ina. Ngati inali yoopsa, inauluka bwanji? Ngati inali bwino, anatisiyiranji?"

Mayi, zikomo chifukwa cha funso lanu, ndipo pepani chifukwa cha masiku awiri aja. Ndakhala ndikukonza ndege zing'onozing'ono kwa zaka zambiri, ndipo mkwiyo wanu ndauonapo pankhope za anthu ambiri ataima pambali pa ndege imene maso awo akuwauza kuti ilibe vuto. Koma ndinene poyambirira pomwe kuti woyendetsayo anachita bwino. Akanakhala kuti anaimbira ine tsiku limenelo, ndikanamuuza zomwezo.

Pa ntchito yathu, mawu akuti "yawonongeka pang'ono" timawanena kumapeto, titatsegula, titayeza, titawerenga buku. Sitiyamba nawo. Inuyo muzimva msanga zimenezi chifukwa mumaziona kuchipatala. Mwana wagwa pa njinga, watsamira dzanja, pachikhatho pali kachilonda kosaposa chikhadabo. Agogo ake akuti mungomupaka mankhwala abwerere kunyumba. Koma inu mumayang'ana mmene wagwirira mkono, mumagwira paphewa, chifukwa mukudziwa kuti mphamvu ya kugwa kuja inalowera pachikhatho n'kukathera pafupa lina kutali. Kachilondako kakungokuuzani pamene mphamvu inalowera. Kadenti ka pa phiko lija kanali kachilonda ka pachikhatho.

Ndege ya mipando 6 imene imatera m'mabwalo athu ang'onoang'ono kawirikawiri imakhala Cessna 206, ndiye ndifotokoza za imeneyo. Phiko lake analipanga ngati denga la nyumba. Mkati muli mitanda iwiri yoyenda m'litali, wina kutsogolo wina kumbuyo. Pali nthiti zopingasa, ndipo pamwamba anakuta ndi lata la aluminiyamu lomangidwa ndi mariveti ambirimbiri, timisomali tolumikizira malata. Kusiyana kwake n'kwakuti malata a nyumba amangotchinga mvula ndi dzuwa, pamene lata la phiko limasenza nawo katundu. Chonsecho ndi lopyapyala kwambiri, m'malo ambiri silikwana milimita imodzi. Mphamvu yake ili m'kuwongoka kwake. Chitini cha chakumwa chopanda kanthu, mukachiimika chilili, chimapirira kulemera kodabwitsa, koma mungochidina m'mbali ndi chala chimapindika nthawi yomweyo.

Tsopano taganizirani anyamata okonza matayala m'mbali mwa msewu. Nati ikakana kumasuka, amatenga paipi yaitali n'kuilowetsa ku sipanala, ndipo nati imene yakanika amuna awiri imamasuka ndi mnyamata mmodzi. Mapiko a 206 kuchokera nsonga ina kufika nsonga ina ndi mamita pafupifupi 11, kutanthauza kuti phiko limodzi ndi paipi ya mamita 5. Pikapu yodzaza katundu imalemera matani awiri kapena kuposa. Ngakhale ikuyenda ngati munthu wapansi, ikakankha nsonga ya paipi imeneyo chakumbuyo, mphamvuyo imachulukitsidwa n'kukafinya mtanda wakumbuyo pafupi ndi pamene phiko limagwirana ndi thupi la ndege. Mzati umene mumauona ukuchokera mmunsi mwa ndege kukachirikiza phiko umathandiza kwambiri pa mphamvu yokankhira mmwamba kapena pansi, koma pa yokankhira chakumbuyo suthandiza kwenikweni. N'chifukwa chake injiniya wodziwa ntchito akauzidwa kuti nsonga yagundidwa, amayang'ana kadentiko mwachidule kenako amapita kutsinde kwa phiko, mamita 5 kuchokera pamene anthu onse aunjikana.

Kumeneko ntchito yake ndi yodekha, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Amaima kumbuyo kwa ndege n'kuyerekeza mapiko awiriwo ndi diso, kuona ngati mzere wakumbuyo kwa phiko logundidwalo ukadali wowongoka ngati wa linzake. Amakwera pa makwerero ndi tochi, ndipo tochiyo saiunikira molunjika. Amaigoneka pafupifupi kugunda lata kuti kuwala kuyende chapansipansi, chifukwa ndi mmene khwinya laling'ono limene masana silioneka limatulutsira mthunzi. Amasisita ndi chikhatho, popeza dzanja limamva zimene diso laphonya. Amayang'ana mitu ya mariveti umodzi umodzi: kodi penti yozungulira mutuwo yang'aluka? Kodi mutu wina wapendekeka? Riveti imene yakhwefuka kwa nthawi imatulutsa kamzere kakuda kooneka ngati utsi wa koloboyi, chifukwa aluminiyamu akamakhulana amapanga fumbi lakuda limene mphepo imalikokera kumbuyo. Amayang'ananso ngati pali banga la buluu, chifukwa mafuta a ndege zotere, avgas 100LL, amawathira utoto wa buluu, ndipo thanki lili m'phiko momwemo. Kenako amamasula tizitseko ta pansi pa phiko ndi chophimba cha patsinde, n'kulowetsa kagalasi ndi tochi kapena kakamera ka pa chingwe kuti aone mtandawo ndi maso. Akakayikira mng'alu umene diso silingauone, pali mankhwala ofiira amene amalowa m'ming'alu n'kuionetsa, palinso makina oyeza ndi magetsi. Pa zonsezi, woyendetsa uja akanatha kuchita zitatu kapena zinayi zoyambirira basi. Zotsalazo zimafuna zida ndi laisensi imene iye alibe.

Mwafunsa za timadenti ta kumchira, ndipo funso limenelo ndi labwino kwambiri pa mafunso anu onse. N'zoona, ndege zambiri zimene zikuuluka lero zili ndi madenti. Ndege ya 206 imene yakhala ikutera pa mabwalo a miyala ngati a m'nkhalango zathu zosungira nyama siingakhale ndi mchira wosalala, chifukwa mphepo ya pulopela ndi matayala zimaulutsa timiyala n'kukamenya kutsogolo kwa mchira. Zina zinagwidwa ndi matalala. Zina zinakhulidwa pozikankha mu hang'ala, nyumba yosungiramo ndege. Koma madenti amenewo ali ndi mbiri yodziwika. Wina anawayeza, anawayerekeza ndi buku la wopanga ndegeyo, anawalemba m'buku la ndege, n'kusaina dzina lake ndi nambala ya laisensi yake. Pa kuyendera kulikonse amawaonanso ngati asintha. Mphamvu imene inawapanga kawirikawiri ndi ya kamwala kolemera magalamu ochepa, ndipo inathera pomwepo.

Buku la Cessna lokonzera ndege limagawa kuwonongeka m'magulu atatu: kosafuna kukonza, kofuna kukonza, ndi kofuna kusintha chiwalo chonse. Gulu loyambalo ndi lopapatiza kuposa mmene anthu amaganizira. M'buku la ndege zawo za injini imodzi, denti ya pa lata la phiko imalowa m'gulu limeneli ngati ndi yosalala, yopanda mng'alu kapena kubooka, yosakhudza zamkati, yosakhala khwinya lobwera chifukwa cha kupindika kwa chimango, yozama osapitirira inchi 0.030 ndipo yokwana m'bwalo la mainchi awiri. Inchi 0.030 sikwana ngakhale milimita imodzi, ndipo mainchi awiri ndi masentimita 5. Denti imene munthu angaiyerekeze ndi dzira, imene inu munaiona mutaima patali, yapitirira kale malire amenewo. Sizikutanthauza kuti phiko latha ntchito. Zikungotanthauza kuti yachoka m'gulu limene munthu angalembe n'kupitiriza ulendo.

Pulasitiki yong'ambika ija, kunena zoona, siindidetsa nkhawa kwenikweni. Chophimba cha kunsonga sichisenza katundu wa ndege. Mng'alu wake timauboola kabowo kumapeto kuti usapitirire, nthawi zina timamatapo tepi ya aluminiyamu yopangidwira ndege mpaka chatsopano chitafika. Anthu akaona tepi yonyezimirayo pa ndege amachita mantha, amaganiza kuti tamanga phiko ndi seloteyipu. Tepiyo ndi yololedwa pa ntchito yake, imene ndi kuphimba ndi kusalaza malo osasenza katundu kwa kanthawi. Choipa ndi pamene wina waimata pamwamba pa chinthu chimene sanachiyeze, kuti maso asachione.

Pali malo ena pa ndege amene kuchepa kwa bala sikutanthauza kanthu, ndipo ndifuna muwadziwe awiri.

Oyamba ndi tizipiko toyenda timene woyendetsa amawongolera nato ndege: ta kumbuyo kwa mapiko chakunsonga, ndi ta kumchira. Timeneti anatilinganiza kulemera kwake mosamala kwambiri, mpaka anaika timiyala ta mtovu kutsogolo kwa mahinji ake. Buku limalamula kuti ngakhale mutangotipaka penti yatsopano muyezenso kulinganako. Kakapindika, kapena wina akakamata phala lodzazira madenti ngati la ku galaja ya magalimoto, kulemera kumasamukira kumbuyo, ndipo pa liwiro lina kachipikoko kamayamba kupupuma kokha ngati mbendera pa mphepo ya mkuntho. Pa ntchito timakutcha flutter. Kukayamba, kumatha kuthyola mchira kapena phiko m'masekondi ochepa. Pikapu ija inagunda pafupi kwambiri ndi kachipiko kotere, ndiye injiniya anayenera kuonanso mahinji ake ndi zingwe zake.

Achiwiri ndi pulopela. Ponyamuka imazungulira maulendo pafupifupi 2,700 pa mphindi, ndiko kuti 45 pa sekondi imodzi, ndipo mphamvu yofuna kuzula tsamba lililonse patsinde pake imaposa matani 10. Pamwamba pa apo tsambalo limapindika ndi kunjenjemera pa kuphulika kulikonse kwa mu injini. Mwaonapo mayi wogulitsa nsalu mumsika mmene amadulira chitenje pa mpukutu. Mutakoka nsalu yathunthu ndi manja awiri siing'ambika, koma iye amangodula kamodzi m'mphepete ndi sizasi, kenako n'kukoka, nsalu yonse n'kung'ambika mpaka kumapeto. Kabala ka mwala kutsogolo kwa tsamba la pulopela, kozama milimita imodzi kapena iwiri koma kakuthwa pansi pake, ndi kudula kwa sizasi kumeneko. Mankhwala ake ndi osavuta akachitika msanga: injiniya amakapala ndi tupa mpaka pakhale posalala ngati supuni, m'litali pafupifupi kakhumi kuyerekeza ndi kuzama kwake, amasalaza ndi sandipepa wofewa, amayeza ngati tsamba likadali m'malire a buku, n'kupaka penti. Akakasiya, tsiku lina nsonga ya tsamba imaduka mumlengalenga, ndipo injini imagwedezeka koopsa moti imatha kuzuka pamene inamangidwa. Ndipo pulopela ikamenya chinthu injini ikulira, kaya ndi nthaka, chulu, mbuzi, ngakhale udzu wautali umene wachepetsa liwiro lake mwadzidzidzi, makampani opanga injini zimenezi, Lycoming ndi Continental, amafuna kuti injiniyo iyenderedwe mkati. Ndaonapo eni ndege akulira ndi mtengo wa ntchito imeneyo pamene kunja kukungooneka kansonga kopindika pang'ono. Ndimawamvetsa, ndalamazo ndi zambiri, koma shafti ya injini imatha kung'aluka mkati osaonetsa chizindikiro chilichonse kunja.

Ndikuuzeni za ndege ina imene inandiphunzitsa kusakhulupirira kunja. Inali Cessna 182, ndipo mwini wake anaibweretsa kuti tingosintha oyilo. Ali pa khomo potuluka anatembenuka n'kunena kuti sabata yathayo inadumpha pang'ono potera, inagunda ndi tayala lakutsogolo, koma palibe chimene chinachitika. Kunja kunalidi bwino. Tayala linali lathunthu, pulopela yosakhudzidwa, penti yonyezimira, ndipo anali ataulukanso nayo maulendo atatu ndi banja lake. Nditachotsa zophimba injini ndinagona chagada pa simenti n'kugoneka tochi pa khoma lachitsulo limene limalekanitsa injini ndi anthu, pamene mwendo wakutsogolo umagwira. Panali khwinya lopingasa lotalika ngati chikhatho changa. Nditatsetsereka chakumbuyo pang'ono ndinapeza lata la kumimba litachita mafunde, mariveti awiri atadukiratu mitu. Vuto limeneli ndi lodziwika pa 182 chifukwa ndi yolemera kumphuno. Bamboyo anakhala pa chigubu cha oyilo kwa nthawi yaitali osayankhula. Chimene ndimachikumbukira kwambiri n'chakuti akanapanda kutembenuka pakhomo paja, mwina sindikanagona pansi tsiku limenelo.

Nkhani imeneyi ikuyankha mbali ina ya funso lanu lakuti inauluka bwanji. Ndege yovulala imauluka. Ndege za gulu limeneli anazipanga kuti mapiko ake apirire kulemera kwa ndege yodzaza kuchulukitsa ka 3.8 popanda kupindika, ndipo pamwamba pake anaonjezera theka lina zisanathyoke. Tsiku labata, ndege ikuyenda mowongoka, phiko limangosenza kulemera kwa ndegeyo kamodzi. Ndiye phiko limene lataya theka la mphamvu yake lidzakufikitsani ku Lilongwe bwinobwino, mawa lake chimodzimodzi, ndipo aliyense adzati taonani, panalibe vuto. Chimene chatayika ndi nkhokwe yosungira tsiku loipa, masana a Okutobala pamene mpweya wotentha ukukwera m'mapiri a m'mbali mwa nyanja n'kumenya ndege ngati nkhonya, kapena pamene woyendetsa wakoka mwamphamvu kuzemba mbalame. Komanso chitsulo chimatopa. Waya mukaupinda uku ndi uku suduka ulendo woyamba kapena wachisanu, umaduka ulendo umene simunauyembekezere.

Pa 19 Disembala 2005, ndege yotera pamadzi ya mtundu wa Grumman Mallard, ya kampani ya Chalk's Ocean Airways, inanyamuka ku Miami kupita ku chilumba cha Bimini. Itangokwera pang'ono phiko lakumanja linathothoka, ndipo anthu onse 20 anafa. Ndegeyo inapangidwa mu 1947. Ofufuza a NTSB, bungwe lofufuza ngozi za maulendo ku America, anapeza ming'alu ya kutopa kwa chitsulo pafupi ndi tsinde la phiko. Phikolo linali litakhala likudontha mafuta mobwerezabwereza, ndipo okonza ankamata podonthapo. Lata linali ndi mng'alu, ndipo anauboola mabowo oletsa kupitirira n'kuikapo zigamba, koma chitsulo chamkati chimene chinali chitaduka sichinakonzedwe. Chilichonse pachokha chinkaoneka chaching'ono, ndipo ndege inkauluka tsiku ndi tsiku. Ndimawauza nkhaniyi anyamata amene ndimawaphunzitsa ntchito chifukwa okonza aja ankagwira ntchito ndithu, ankamata, ankaika zigamba, kungoti palibe amene anafunsa chifukwa chake malo omwewo akudonthanso.

Nanga amagamula ndani? Malamulo a maulendo a ndege m'maiko amene ali m'bungwe la ICAO, loona za maulendo a ndege pa dziko lonse, limene linachokera pa mgwirizano wa ku Chicago wa 1944 ndipo Malawi ali momwemo, amafanana pa mfundo iyi. Ndege yoyenera kuuluka ikwaniritse zinthu ziwiri: ifanane ndi mmene wopanga anaivomerezetsera, kuphatikizapo kukonza kovomerezeka, ndiponso ikhale yotetezeka kuuluka. Woyendetsa ali ndi mphamvu yonse yokana. Palibe bwana, mwini ndege kapena nduna imene ingamukakamize kunyamuka ndi ndege imene iye akuikayikira. Koma mphamvu yovomereza ndege imene yagundidwa alibe yekha. Akangolemba m'buku la ndege kuti phiko lagundidwa ndi galimoto, ndege ija, ya nambala yoyamba ndi 7Q monga ndege zonse zolembetsedwa m'Malawi, yaima mpaka injiniya wa laisensi atalemba pansi pake chimene wapeza ndi chimene wachita, n'kusaina.

Foni yaitali ija mwina inali yotumiza zithunzi pa WhatsApp, ataika lula kapena chitsekerero cha botolo pambali pa denti kuti kukula kwake kuoneke. Zithunzi zimathandiza, ndipo pa zinthu zina monga galasi la nyali losweka zimakwanira kuti munthu apereke malangizo. Koma chithunzi sichingandionetse mtanda wamkati. Ine sindisaina phiko logundidwa ndi galimoto ndisanalikhudze ndi dzanja langa, ndipo injiniya amene angachite zimenezo chifukwa choti apaulendo akudandaula, sindingakwere ndege yake.

Tsopano chifukwa chake inanyamuka yopanda anthu. Sindinalipo, koma ndondomeko yake ndi yodziwika. Injiniya atayendera, ayenera kuti anapeza kuti mitanda ndi zowongolera zilibe vuto looneka, koma dentiyo yapitirira malire a buku ndipo ikufuna kukonzedwa ndi zida zimene pachilumba palibe. Pamenepo ndegeyo sinakwaniritse mfundo yoyamba ija, ngakhale ingathe kuuluka ulendo umodzi mosamala. Malamulo amalola chilolezo chapadera cha ulendo wopita kokakonzedwa. Amapereka ndi oyang'anira za ndege m'dziko, injiniya atatsimikiza kuti ulendo umodziwo ndi wotheka, ndipo chimabwera ndi zoletsa zake: kawirikawiri masana okha, nyengo yabwino, njira yolunjika, nthawi zina liwiro lochepetsedwa, ndipo m'ndege mukhale okhawo ofunika poiyendetsa. Ndege yopanda anthu 5 ndi katundu wawo yapepukidwa makilogalamu mazana anayi kapena asanu, ndiye phiko likusenza zochepa kwambiri. Chinanso n'chakuti woyendetsa amene wakwera akudziwa bwino chimene wavomera. Inu munagula tikiti ya ndege yathunthu, ndipo palibe amene ali ndi ufulu wokuikani pa chiyeso chimene simunachisankhe. Kampani ya inshuwalansi nayo siingalipire chilichonse ndege itanyamula anthu ili ndi vuto lolembedwa koma losasainidwa.

Ndikudziwa kuti wina angati ulendo wa boti pa mwera unali woopsa kuposa ndegeyo, ndipo mwina n'zoona. Ndikanakonda mnzanuyo akanadikira. Koma woyendetsa ndege sangayeze phiko lake ndi muyezo wa zimene anthu angachite akakwiya. Ndimawamvera chisoni achinyamata amenewa. Ambiri amene amayendetsa ndege zing'onozing'ono ndi a zaka makumi awiri ndi zochepa, akusonkhanitsa maola kuti adzapeze ntchito pa ndege zazikulu. Amakhala okha pabwalo, kutsogolo kwawo kuli anthu achikulire, ena olemera, ena odwala, ena othamangira ndege ya kunja imene siidikira, ndipo onse akuloza kadenti n'kumati kameneka basi? Kuti mwana wotere anene kuti ayi, kenako n'kugona pachilumba chomwecho ndi anthu amene wawakhumudwitsa, pamafunika mtima. Ngozi zambiri za ndege zing'onozing'ono zimene ndinaziwerenga zili ndi mphindi ngati imeneyo penapake, pamene munthu anadziwa koma anachita manyazi.

Chimene ndakondwera nacho m'kalata yanu n'chakuti munayang'ana mchira. Chiyambire ngozi ya ku Chikangawa ya pa 10 Juni 2024, imene inatenga moyo wa wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko Dr Saulos Chilima ndi anthu ena 8, ndaona kuti anthu akamakwera ndege zing'onozing'ono amaziyang'ana ndi maso ena. Ena mwa anzanga zimawatopetsa, koma ine ndimazilandira. Pa 28 Epulo 1988, ndege ya Boeing 737 ya Aloha Airlines ikuchokera ku Hilo kupita ku Honolulu, mbali ya denga lake yotalika mamita oposa 5 inasasuka ili pa mafiti 24,000. Mayi mmodzi wogwira ntchito m'ndegemo anaulutsidwa n'kufa, ena onse anapulumuka ndege itatera ku Maui. Pambuyo pake wapaulendo wina anauza ofufuza kuti pokwera anaona mng'alu pafupi ndi chitseko, koma sananene kwa aliyense. Paja safunsa anadya phula. Mukaona chinthu, kaya ndi banga la buluu pansi pa phiko, oyilo wodontha, kamzere kakuda pa mariveti, tayala lophwa, kapena mavu atamanga dothi pa kapaipi koyezera liwiro kamene kamatulukira pansi pa phiko, muuzeni woyendetsa musanakwere. Funso lake ndi lalifupi: "Kodi ichi chinalembedwa m'buku, ndipo injiniya anachiona?" Woyendetsa wabwino sakwiya nalo. Akayankha kuti inde, chinayezedwa mwezi wakuti, khalani ndi mtendere. Akayankha kuti musadandaule, ndege izi n'zolimba, osapita n'kukayang'ana, muli ndi ufulu wotsala.

Pali munthu mmodzi amene simunanene zambiri za iye, dalaivala wa pikapu. Tsiku limenelo anthu munalipo, ndiye sakanabisa. Koma ndege zambiri zimagundidwa kulibe woona: mlonda akusuntha wilibala usiku, mnyamata wotchetcha udzu ndi thalakitala, wothira mafuta makwerero atamupulumuka, kapena munthu wamtima wabwino amene watsamira mchira ndi mphamvu pofuna kuthandiza kutembenuza ndege. Wolandira malipiro ochepa akamva kuti phiko limodzi mtengo wake ndi woposa nyumba yake, chimene chimabwera m'mutu ndi kupukuta penti yokalikayo ndi malaya n'kukhala chete. Ndege imene ndimaiopa kwambiri ndi imeneyo, chifukwa palibe amene adzapite kutsinde kwa phiko ndi tochi. M'malo onse amene ndagwirapo ntchito ndakhala ndikupempha mabwana kuti munthu amene wadziulula yekha asachotsedwe ntchito kapena kudulidwa malipiro, ndipo nthawi zina ndapambana, nthawi zina ayi. Ngati mudzapitenso ku Likoma n'kumva kuti dalaivala uja akumuvutitsa chifukwa cha tsiku lija, chonde, Mayi, mudzamulankhulireko mawu amodzi kwa amene amamulemba ntchito.